Nyumba ya dothi yosazizira mu June ndi July

Kuno ku Lilongwe dzuwa la June ndi July limawala bwino masana, koma usiku wina kumazizira mpaka madigiri kutsika pansi pa 10. Khoma lochindikala la dothi limamwa kutentha masana n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku. Ku mayiko a chipale chofewa, komwe dzuwa limasowa kwa masabata, khoma lotere amachita kuliphimba kunja kuti lisataye kutentha. Kuno zimenezo sizifunika.

Inu a ku Area 10, 12, 43 kapena Area 3 amene mukufuna kumanga khitchini, nyumba ya ogwira ntchito kapena ya mlonda, liganizireni dothi. Njerwa zootcha zimadya nkhuni zambiri, pomwe nkhalango ngati Dzalanyama zikutha tikuona.

Sakanizani katondo, mchenga ndi udzu wouma woduladula, mupondeponde ndi madzi pang'ono. Katondo yekha amang'aluka. Yambani mwaumba zidina zingapo, ziume pamthunzi: zikang'aluka onjezani mchenga, zikafumbutuka onjezani katondo. Musafulumire apa, chifukwa nyumba yonse yagona pa dothi limeneli.

Maziko akhale a miyala, otuluka pansi masentimita 30 kapena kuposa. Khoma lichindikale masentimita 45. Likwezeni pang'ono, liume, kenako mupitirize, ndipo denga likhale litatha mvula ya November isanagwe. Denga lituluke kunja mokwanira kuti mvula isamenye khoma. Pomata gwiritsani ntchito dothi kapena laimu; simenti imatsekera chinyezi mkati, khoma n'kumafooka inu osadziwa. Chiswe muzichiyang'ana m'munsi mwa khoma ndi m'mitengo ya denga.

Mawindo aakulu ayang'ane kumpoto, komwe dzuwa limadzera nyengo yozizira. Mbali ya kummwera chakummawa, kochokera mphepo ya mwera, ikhale ndi mawindo aang'ono. Malata opanda siling'i amataya kutentha konse kumene khoma lasunga, choncho siling'i musaiumire.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ife alangizi ndi mbaula. Nyumba yomatidwa bwino silowa mphepo, ndipo mpweya wa makala, umene sununkha, umapha munthu ali m'tulo. Alonda ndi antchito anu muwauze zimenezi, muwagulire mabulangete, mbaula izigona panja.

Musanakumbe maziko, pitani ndi pulani yanu ku khonsolo ya mzinda wa Lilongwe kuti akaivomereze.