Njinga Yoyamba ya Mwana: Tiyankhe Makalata Anu

WOULUTSA: Mpunga wakololedwa, tindalama tayamba kuoneka m'makomo, ndipo ana aona okha kuti ino ndiyo nthawi yopempha. Makalata ambiri sabata ino achokera ku Mwenilondo ndi midzi yozungulira, ndipo nkhani yake ndi imodzi, ya njinga. Muno tili ndi mayi athu anamwino, amene akhala akusamalira ana kwa zaka zambiri. Amayi, takulandirani.

ANAMWINO: Zikomo achimwene. Moni kwa onse amene akutimvera.

WOULUTSA: Kalata yoyamba ndi ya bambo wina wa ku Mwenilondo konko. Akuti: "Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 4. Tsiku lililonse akulirira njinga chifukwa mnzake anamugulira. Mayi ake akuti akadali wamng'ono, ine ndikuti wakula. Tiweruzeni. Kodi mwana amayamba njinga ali ndi zaka zingati?"

ANAMWINO: Bambo, musakangane ndi amayi, nonse muli ndi mfundo. Ana ambiri amatha kupalasa njinga ya mateyala awiri ali pakati pa zaka 4 ndi 6. Ena amafulumira, ena amafika zaka 7 kapena 8, ndipo palibe cholakwika. Koma ine zaka sindiziwerengera kwambiri. Chimene ndimafuna kudziwa n'chakuti, kodi mwanayo angathe kuima? Kupalasa amaphunzira msanga. Ana amene timawasoka mabala ambiri ndi odziwa kupalasa koma osadziwa kuima.

Muyeseni pakhomo pompo, musanatulutse ndalama. Muuzeni aime ndi mwendo umodzi, muwerenge mpaka 5. Muuzeni adumphe ndi mwendo umodzi womwewo kangapo. Kenako mumusiye athamange pabwalo, inu mufuule kuti "Ima!" Ngati waima nthawi yomweyo, mutu wake wayamba kulamulira miyendo. Ngati akupitirira uku akuseka, mudikire miyezi ingapo. Mwana wosamva "ima" ali pansi sadzamva ali pachishalo.

WOULUTSA: Bambo omwewa awonjezera kuti akufuna kugula yokulirapo, kuti akulire momwemo.

ANAMWINO: Apo ndiye ndikana, ndipo ndikanitsitsa. Ndikumvetsa, ndalama ndi yovuta, palibe amene afuna kugula kawiri. Yunifolomu ya sukulu mutha kugula yaikulu, telala aipinda. Njinga ilibe popinda. Mwana akakhala pachishalo, mapazi onse awiri afike pansi, chidendene chomwe, osati zala zokha ayi. Pitani naye kumsika, kaya ndi pa Karonga Boma kaya mwawoloka kupita ku Kyela. Ngati simungamutenge, tengani chingwe, muyeze kuchokera pansi mpaka mphechepeche mwake ataima chilili, mukayerekeze ndi kutalika kwa chishalo mutachitsitsa mpaka pamapeto.

Yang'ananinso nambala imene yalembedwa m'mbali mwa teyala. Ya mainchesi 12 imakwana ana a zaka 2 mpaka 4. Ya 16 ndi ya zaka 4 mpaka 6. Ya 20 ndi ya ana amene ali m'makalasi oyambirira a pulayimale. Njinga zathu zikuluzikulu zonyamulira matumba a mpunga zija ndi za 28. Njinga yotere imalemera makilogalamu 20 kapena kuposa, pamene mwana wa zaka 5 amalemera pafupifupi 18. Ndiye mukuona, chitsulo chikulemera kuposa mwini wake. Ikayamba kupendekeka sangaibweze, imamugwera.

WOULUTSA: Koma Amayi, ambirife tinaphunzirira pa njinga ya abambo, mwendo titaulowetsa mkati mwa fulemu, thupi lili pambali.

ANAMWINO: Eya, ndipo ana akuchitabe zimenezo m'midzi monse. Sindinganamize anthu kuti zitha lero. Chimene ndikupempha n'chakuti makolo adziwe kuti mwana wopalasa chomwecho alibe mabuleki. Zogwirira mabuleki za njinga yaikulu zili kutali ndi zala zake, ndipo n'zolimba. Amaimitsa ndi phazi kapena podumpha. Pabwalo lathyathyathya angapulumuke ndi zokalikakalika. Pamalo otsetsereka, kapena pafupi ndi msewu, ayi ndithu. Pa njinga iliyonse, yesani chonchi: mwana agwire buleki ndi mphamvu zake zonse, inu mukankhe njingayo. Ngati teyala likuzungulirabe, dzanja lake silinakwane, kapena buleki ikufunika amakanika.

WOULUTSA: Tipite ku Lupembe. Agogo ena alembetsa kalata kwa mdzukulu wawo. Akuti mwana wawo wa ku Johannesburg anatumiza kanjinga kokhala ndi timateyala tiwiri tam'mbali. Timateyalato tinathyoka, ndipo mdzukulu wa zaka 5 akuopa kukwera. Akafune kuti tina?

ANAMWINO: Agogo, musavutike kufuna tina. Timateyala timeneto timaphunzitsa mwana kupalasa, koma sitimuphunzitsa kudzigwira kuti asagwe, komwe ndiko kovuta. Komanso m'njira zathu za mchenga ndi zokumbikakumbika timakodwa, teyala lalikulu n'kumangozungulira m'malere.

Pitani nako kwa amakanika a njinga pa Mwenilondo kapena pa Mlare, muwauze achotse mapedulo onse awiri. Ndi ntchito ya sipanala ya 15, mphindi zochepa chabe. Amene mukuchotsa nokha, kumbukirani kuti pedulo ya kumanzere imamasuka mozungulira chosemphana ndi inzake, musaphwanye mazinga poikakamiza. Mutsitse chishalo. Tsopano mwana akhale pamenepo aziyenda ndi mapazi, ngati akuyenda pansi koma atakhala. Masiku oyamba azingokwekwereza. Kenako mudzaona wayamba kutalikitsa mapazi, akukankha kawiri katatu n'kunyamula miyendo yonse m'mwamba, njinga ikuyenda yokha. Akamatha kuyenda choncho kuchoka pakhonde mpaka pamtengo wa mango osaponda pansi, akukhota, akuima ndi buleki, bwezeretsani mapedulo. Ambiri amapalasa tsiku lomwelo.

Njira imeneyi si yachilendo. Njinga yoyambirira, imene Karl Drais anapanga ku Mannheim m'dziko la Germany mu 1817, inalibe mapedulo. Anthu akuluakulu ankaikankha ndi mapazi. Mapedulo anadzabwera patapita zaka zoposa 40, ku France. Masiku ano kunja amagulitsa tinjinga topanda mapedulo ta ana a zaka 2, koma inu mutha kupanga kanu ndi sipanala.

Pomuthandiza, musagwire mahandulo. Mukagwira inu, wowongolera ndi inu, iye sakuphunzira kanthu. Ikani dzanja pamsana pake kapena m'mapewa, muzimuuza kuti ayang'ane kutsogolo kumene akupita, osati pateyala. Malo abwino ndi bwalo la mpira la kusukulu, pamene dothi ndi lolimba. Kumchenga wa kunyanja teyala limatitimira, mwana amagwa n'kuyamba kudana nayo njinga. Ndipo akati watopa, musiyeni. Kumukalipira kapena kumuyerekeza ndi mwana wa aneba kumangowonjezera mantha.

WOULUTSA: Kalata iyi yandikhudza. Mayi wina wa ku Mwenilondo akuti: "Ndinakweza mwana wanga wa zaka 3 pakaliyala popita kutchalitchi. Phazi linalowa m'masipoko. Bala likuoneka laling'ono, tangomanga kansalu. Lero ndi tsiku lachiwiri, sakuponda. Ndidikire?"

ANAMWINO: Mayi, ngati mukundimva, musadikire. Nyamukani naye lero lomwe, mupite kuchipatala chimene muli nacho pafupi, ndipo akakutumizani ku chipatala chachikulu cha Karonga mupite. Tengani buku lake la kuchipatala kuti akaone ngati katemera wa kafumbata anamaliza.

Ndifotokoze bwino, chifukwa ngozi imeneyi ndi imene imapweteka ana aang'ono ambiri amene sanayambe n'komwe kupalasa. Phazi likalowa m'teyala, limapanikizika pakati pa masipoko ndi chitsulo cha fulemu, teyala likuzungulirabe. Khungu la pa kakolo ndi pachidendene limafinyika ndi kupotoka. Tsiku loyamba mumangoona kokalika pang'ono ndi kutupa. Pakapita masiku awiri kapena atatu, khungu lija limayamba kuda, chifukwa magazi anasiya kufikako, ndipo bala limakula m'malo mopola. Mafupa a mwana ndi anthete, nthawi zina fupa la msongolo limakhala lang'aluka mkati popanda chooneka kunja. Mwana wosaponda tsiku lachiwiri ayenera kuunikidwa. Musathirepo mankhwala otsukira mano, dothi, phulusa kapena mafuta a galimoto. Tsukani ndi madzi oyera ndi sopo, phimbani ndi nsalu yochapa bwino, mwendo ukhale pokwera, muzipita.

Ndipo musadziimbe mlandu, mayi. Zimachitika kwa makolo osamala omwe. Mwana amasinza pakaliyala, miyendo imalendewera, basi.

Kupewa kwake taonerani anyamata a kabaza. Ambiri anawotcherera timapondero kumbuyo kuti wokwera aziponda. Chitani chimodzimodzi pa njinga ya pakhomo, koma timapondero take tikhale pamwamba pamene miyendo ya mwana ifika. Tsekani mbali zonse ziwiri za teyala lakumbuyo, pamene mapazi amalendewera, ndi pulasitiki yolimba yodula ku chigubu chakale, muimange ndi waya ku fulemu. Mwana avale nsapato zotseka chidendene, osati patapata. Chitenje kapena diresi lalitali likulungidwe lisalendewere. Wa zaka 2 kapena 3 asakhale yekha kumbuyo popanda chomutchinga, sangagwiritse ulendo wonse.

WOULUTSA: Tamva, Amayi. Bambo wina wa ku Mlare akuti mwana wawo wa zaka 7 amapalasa bwino kwambiri, mpaka kusiya mahandulo. Akufuna azimutuma kuchigayo ndi kumsika, koma njira yake ndi ya M1.

ANAMWINO: Ndikuyamika luso lake, koma pa M1 ayi, bambo. Mumsewu umenewu ndi momwe mumadutsa magalimoto akuluakulu ochokera ku Dar es Salaam, matanki a mafuta, mathiraki a katundu, maminibasi othamangira okwera, njinga zamoto, kuphatikizapo ngolo ndi ng'ombe zowoloka. Mwana wosakwana zaka 10 sanakhwime poyeza liwiro la galimoto imene ikubwera. Amaiona ili kutali n'kuganiza kuti awoloka, osadziwa kuti thiraki yodzaza katundu singaime pafupi ngakhale dalaivala ataponda buleki. Amaganizanso kuti poti iye akuiona galimoto, dalaivala nayenso akumuona, chonsecho ali m'munsi, pamalo pamene wa m'thiraki saona. Ndiye pali mphepo imene thiraki imakoka ikamadutsa. Munthu wamkulu amagwedezeka nayo, nanga kamwana?

Akakwana zaka 10, yambani kuyenda naye, iye patsogolo inu pambuyo, kumanzere kwa msewu. Aphunzire kucheuka osakhotetsa njinga, kukweza dzanja asanakhote, ndi kutsika n'kuikankha powoloka. Ufa kapena thumba pakaliyala zimasintha kayendedwe ka njinga, ayambe ndi katundu wopepuka. Dzuwa likalowa asapezeke pamsewu. Pakali pano mutumeni m'njira za m'mudzi zosakhudza tala.

WOULUTSA: Nanga chipewa choteteza mutu? Ambiri amati n'cha anthu a njinga zamoto.

ANAMWINO: Bondo likakalika limapola, mutu ndi nkhani ina. Mukagula njinga, siyaniko ndalama ya chipewa cha njinga yakapalasa, cha saizi ya mwana. Cha njinga yamoto n'cholemera, khosi lake silingachinyamule. Chikhale chopingasa bwino pamutu, zala ziwiri zokha pamwamba pa nsidze, lamba womanga pansi pa chibwano. Cha kaunjika chiyang'aneni mkati, ngati chili ndi mng'alu chisiyeni. Ndipo mwana akagwa n'kumenyetsa mutu, chipewa chilipo kapena palibe, muyang'anireni usiku wonse. Akakomoka ngakhale pang'ono, akamasanza mobwereza, akamangogona osadzuka bwino, akamalankhula zosokonekera, kapena m'khutu ndi m'mphuno mukatuluka magazi kapena madzi, thamangani naye kuchipatala osadikira kuche.

WOULUTSA: Yomaliza, nthawi yatsala pang'ono. Mayi wina akuti apongozi awo akuletsa mwana wamkazi wa zaka 6 kuphunzira njinga, ati adzavutika pobereka.

ANAMWINO: Apongozi akunena chifukwa chomukonda mdzukulu, choncho muwayankhe mwaulemu. Koma njinga siifika pa chiberekero, ndipo siiletsa mtsikana kudzabereka. Amayi angati kuno ku Karonga amapalasa tsiku ndi tsiku, kumunda, kusikelo, kumsika, ali ndi ana asanu? Mtsikana ameneyu akadzasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera, mwina mtunda wake udzakhala wautali, ndipo njinga ndi imene idzamufikitse m'kalasi nthawi yabwino. Muyeseni monga ndanenera za mnyamata uja, mumuveke kabudula kapena thalauzi mkati kuti chovala chisakodwe mu tcheni, aphunzire. Ngati apongozi akukayikabe, pitani nawo kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu akamve okha.

WOULUTSA: Makalata amene tatsala nawo tidzawawerenga sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino. Mayi a ku Mwenilondo aja, galimoto zikadalipo pamsewu, nyamukani naye mwanayo.