Mimba Ikutuluka, Mikono Ikuphwa: Abambo, Musathamangire Ufa wa Pamsika

Kwa mabanja onse a ku Kasisi ndi midzi yozungulira. Pakati pa abambo pafala maganizo akuti mwamuna akaona mimba ikutuluka, mikono ikuphwa, khasu layamba kumulemera, ndiye kuti mphamvu zachimuna zatha, ndipo angazibwezere ndi mutototo, ufa wa m'timapepala wa ku Soweto Market, kapena jakisoni wogula kwa mnzake. Zimenezi si zoona. Musamwe, musabayitse.

Testosterone ndi homoni yopangidwa m'machende, imene imalimbitsa minofu ndi mafupa a mwamuna. Kuyambira zaka za m'ma 30 kapena 40 imatsika yokha pang'onopang'ono, pafupifupi 1 peresenti pachaka, ndipo kumeneko ndi kukula chabe. Ikatsika kwambiri, minofu imachepa, mafuta n'kuunjikana pamimba. Mafuta omwewo amasandutsa testosterone yotsalayo kukhala estrogen, homoni yochuluka mwa akazi, moti mimba ikamakula homoniyo imatsikiratsikira, mpaka abambo ena mabere amatupa. Lamba amaboola bowo lina, pomwe malaya akukhwepa m'mapewa. Kawirikawiri pansi pa zonsezi pamakhala matenda a shuga, kunenepa, kachasu ndi chibuku cha tsiku ndi tsiku, kusagona mokwanira, kapena HIV ndi TB zimene sizikulandira chithandizo. Palibe ufa umene umachiza chimodzi mwa izi.

Ena amati, "Koma ine ndinamwa, zinagwira." Chinagwira n'chiyani? Mu 2019 boma linaletsa chakumwa cha Natural Power SX chopangidwa ku Ndola litapeza kuti munali sildenafil, mankhwala omwe ali mu Viagra, ndipo ogula sanauzidwe. Ngati zinatheka m'botolo lokhala ndi dzina, nanga m'kapepala kopanda chilembo? Sildenafil sachiza kuchepa kwa testosterone, sawonjezera mnofu, sachotsa mafuta. Kwa munthu amene akumwa mankhwala ena a mtima, amagwetsa kuthamanga kwa magazi mpaka kukomoka, ngakhale kufa kumene. Enanso amati jakisoni wa testosterone ndiye weniweni. Inde, madokotala amaupereka, koma kwa amene ayezedwa n'kupezeka ndi vuto, ndipo amawayang'anira magazi. Mwamuna akadzibaya yekha, thupi limasiya kupanga yakeyake, machende amafota, mbewu ya ana imachepa, magazi amakhuthala. Bambo amene akufunabe mwana akudzitsekera yekha njira, kenako mlandu umagwera mkazi. Anamwino atopa kulandira abambo atafooka kale, akubisa chimene amwa. Tikubwerezanso: musamwe, musabayitse.

Kuchepa kwa testosterone sikudziwika ndi maso. Amayeza magazi m'mawa, kawiri, pa masiku osiyana. Yambirani pa kiliniki ya ku Kasisi kuti akuyezeni shuga, BP ndi HIV, ndipo ngati pakufunika akutumizani ku Chongwe District Hospital kapena ku chipatala cha Levy Mwanawasa ku Lusaka. Chepetsani mowa ndi nsima ya usiku, gwirani ntchito ya thukuta, chifukwa mimba ikaphwa homoniyo nthawi zambiri imakweranso.

Amayi, mukapeza timapepala ta ufa m'thumba la amuna anu, musatitaye. Titengeni, mubwere nawo limodzi ku kiliniki kuti namwino aone chimene akhala akumwa.