LOLE YA GANYU NDI FONI YA DALAIVALA

Alimi a kuno kum'mawa, nyengo yokolola ikatha pamatsala nchito ina imene ambiri a ife sitinaiphunzire bwino, ndiyo yotumiza mbeu ku msika wakutali. Munthu alima, apalira, akolola, apeta, nasoka matumba ace. Koma tsiku limene lole icoka pa shedi ndi kuzimirira kuseri kwa phiri, thukuta lace la caka conse liri m'manja mwa mlendo amene sanamuonepo ndi kale lonse. Masiku aja mzinda wa Chipata ukali kuchedwa Fort Jameson, mbiri ya katundu inali kumveka lole itabwerako. Lero foni ya m'thumba la dalaivala itha kuuza ofesi pamene lole yafika. Tiyeni tiphunzire m'mene cinthuci cigwirira nchito, ndiponso pamene nzeru zace zithera.

Lole yabwerayi nja yani?

Funso ili liyenera kukhala loyamba. Wogula mbeu, kaya ndi bungwe la Food Reserve Agency limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la caka ca 1995, kaya ndi kampani yogula thonje, soya kapena nshawa, kawirikawiri sakhala ndi malole okwanira nchito yonse ya miyezi ya July, August ndi September. Cotero apangana ndi kampani ya mtengatenga. Kampaniyo nayonso ikaona kuti katundu wacuruka, ifuna thandizo kwa eni malole ang'onoang'ono, wina wa ku Katete, wina wa ku Petauke kapena ku Lundazi. Mwini lole alemba dalaivala, ndipo nthawi zina amlembera ulendo umodzi wokha. Taonani tsono: pakati pa inu ndi wogula paima anthu atatu, ndipo uyo wagwira ciongolero sadziwika kwa inu kapena kwa wogulayo.

Malole ace eni a kampani yaikuru amakhala ndi kabokosi kobisika kolumikizidwa ku batire, kamene kauza ofesi usana ndi usiku kumene lole iri. Lole ya ganyu nthawi zambiri iribe kabokosi kotere, pakuti palibe afuna kulipira makaniko ndi kugula cipangizo kaamba ka lole imene mawa idzakhala pa nchito ya munthu wina. Apa ndi pamene foni ilowera. Kampani ipempha dalaivala kuika app yace mu foni, imtumizira nambala ya ulendo, ndipo kuyambira pomwepo lole yacilendo ija ioneka pa kompyuta ya ofesi pamodzi ndi malole a kampani.

M'mene foni idziwira malo

Kumwamba, pa mtunda wa makilomita ngati 20,000, kuli masatelaiti a GPS amene anaponyedwa ndi dziko la America, ndipo kuyambira caka ca 2000 anthu wamba aloledwa kulandira zizindikiro zace mosasokonezedwa. Foni ikamva masatelaiti anai kapena kuposapo, iwerenga yokha malo pamene yaima. Kumva kumeneku nkwaulere, ndipo sikufuna netiweki. Koma kuuza ofesi ndi nkhani ina: pamenepo pafunika netiweki ya MTN, Airtel kapena Zamtel, ndi bandulo mu foni.

Kusiyana kwa zinthu ziwirizi mukugwiritse, cifukwa kwadanitsa anthu pacabe. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita oposa 550, kudzera ku Katete, Sinda, Petauke ndi Nyimba. M'mapiri a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa muli malo ena amene netiweki isowa. Lole ikalowa m'menemo, kadontho kace pa mapu kaima, ndipo munthu wosadziwa ayamba kupfuula kuti dalaivala wathawa ndi cimanga. Iai. App yopangidwa bwino isunga malo onse amene foni yapitamo, niwatumiza pamodzi netiweki ikabwera. Yembekezani pang'ono, mukaona kuti njira yonse yalembedwa ndi nthawi zace, mtima ukhale pansi. Coyenera kukudetsani nkhawa ndi kadontho kozima pa malo amene netiweki iri yabwino, kapena kopatuka kusiya mseu waukuru popanda cifukwa.

Katundu wopita kunja ali ndi bvuto lace. Lole ikaoloka pa Mwami kulowa ku Mchinji, kapena pa Chanida kulowa ku Mozambique, nambala ya ku Zambia siitha kutumiza kanthu pokhapokha itakonzedweratu kugwira nchito kunja. Zimenezi zikambidwe ulendo usanayambe. Maiko a East African Community anaona phindu la foni za madalaivala m'caka ca 2020, nthawi ya matenda a Covid-19, pamene anakhazikitsa app yosunga zotsatira za kupimidwa kwa dalaivala ndi kuonetsa ulendo wace, kuti malole asaunjikane pa zipata za malire.

Cimene foni siiona

Pano tikhalitsepo, pakuti ndipo pagona phunziro. App ionetsa kumene kuli foni. Siionetsa kumene kuli lole, ndipo siidziwa konse za matumba. Foni itha kukwera basi kupita ku Lusaka lole itakhota kulowa pa mudzi wina. Itha kutsala pa malo ogona lole iri paulendo wa usiku.

Ndipo ngakhale foni, lole ndi dalaivala ziyende pamodzi osapatuka, katundu atha kucepa. Tiyerekeze kuti gulu la alimi la ku Chadiza lakweza matumba 600 a makilogramu 50, ndiwo matani 30, katundu wa lole yaikuru imodzi. Munthu wosakhulupirika akaboola thumba liri lonse ndi kucotsamo kilogramu imodzi yokha, watenga makilogramu 600, ndiwo matumba 12 athunthu. Koma powerenga ku depoti matumba apezeka 600 ndithu. Pa mapu njira iri yoongoka bwino, yopanda banga. Kusowako kudzaoneka pa sikelo pokha, ndipo ngati simunapime pokweza, mlandu udzagwera inu, kuti munatumiza matumba osadzaza.

Tisafulumirenso kuloza cala madalaivala, amene ambiri a iwo ndi anthu oona mtima odyetsa ana ao ndi nchito yowawa. Cimanga cokwezedwa cisanaume bwino cipepuka cokha cikamauma, ndipo thumba losokedwa mwaulesi litaya mbeu mseu wonse. Ndico cifukwa cace ogula afuna cimanga couma kufikira cinyezi ca 12.5 pa 100.

Tsiku lokweza katundu

Mlembi wa gulu asalole thumba ndi limodzi lomwe kukwera asanaone laisensi ya dalaivala ndi kulemba dzina lace m'buku. Alembe nambala ya lole, ndi nambala ya ngolo yace payokha, popeza mutu ndi ngolo zitha kusinthanitsidwa panjira. Kenaka aimbe foni kwa wogula kapena ku kampani ya mtengatenga, pa nambala imene anaidziwa kale, osati imene wapatsidwa ndi dalaivala, nafunse kuti, "Kodi lole ya nambala yakutiyakuti mwatumiza ndinu? Nanga ikuoneka pa kompyuta yanu kuti yaima pa shedi yathu?" Akayankha kuti ikuoneka, mwadziwa kuti app yayamba nchito ndi kuti foniyo iri pamaso panu. Akati sikuoneka, katundu ayembekeze.

Matumba apimidwe pa sikelo pamaso pa dalaivala, ndi kuwerengedwa mokweza mau ndi anthu awiri, wa gulu ndi wa lole. Ma app ambiri ali ndi malo oikapo cithunzi. Jambulani katundu tenti isanafundidwe, jambulaninso zingwe zitamangidwa, ndi kalata ya katundu itasainidwa ndi onse awiri. Cithunzi cotumizidwa mu app cimakhala ndi tsiku, ora ndi malo, ndipo munthu sangathe kucikana. Komabe kalata ya pepala isatayidwe. Foni igwa m'madzi, ibedwa, isweka. Pepala lokhala m'bokosi la msungicuma lidzakuimirani mboni pa tsiku la mlandu.

Onaninso kuti m'lole muli caja yogwira nchito. GPS idya moto kwambiri, ndipo foni yoyenda tsiku lonse yosachajidwa idzazima dzuwa lisanalowe.

Nanga dalaivala apindulanji?

Ena amakana app, nati ndi kapitao wa m'thumba. Mau ao ali ndi nzeru. Foniyo nja iye mwini, bandulo agula ndi ndarama zace, ndipo palibe munthu akondwa kulondedwa ngakhale pa tsiku lopuma ali kwao. Dziko lathu liri ndi lamulo la Data Protection Act la caka ca 2021, loletsa kutenga mbiri za munthu mwacisawawa. Cotero kampani yolongosoka iuza dalaivala poyera cimene app ilemba, imlipirira bandulo, ndi kumlola kuizimitsa katundu akatsitsidwa. Ife alimi tikamlemba tokha, ticite cimodzimodzi.

Koma app imtetezanso. Dalaivala amene waima masiku atatu pa mzere wa depoti, kudya za m'thumba mwace, ali nao umboni wa ora limene anafika. Tayala likaphulika kapena lole ikafa pa citunda, ofesi idziwa malo eni eni otumizako thandizo. Ndipo cithunzi ca kalata yolandirira katundu cikafika ku ofesi tsiku lomwelo, malipiro sayembekeza kuti pepala liyende ulendo wobwerera. Mwini lole alandira msanga, nayenso alipira dalaivala wace pa foni.

Kwa gulu laling'ono

Magulu ambiri sacita malonda ndi makampani a makompyuta. Angobwereka kanta kunyamula nshawa kucokera ku Vubwi kapena ku Chiparamba kufika m'tauni ya Chipata. Inunso njira iripo, yosalira app yacilendo. Mu WhatsApp, kuyambira caka ca 2017, munthu atha kuonetsa mnzace malo amene ali pamene akuyenda, kwa mphindi 15, ora limodzi kapena maora 8. Pemphani dalaivala asankhe maora 8 ndi kutumiza kwa mlembi ndi kwa wolandira katundu. Pa ulendo wa ku Lusaka lole yolemedwa imapitirira maora amenewo, cotero mupangane kuti akafika pa Nyimba atumizenso kaciwiri.

Ngati m'gulu mulibe wodziwa kuwerenga mapu a pa foni, itanani mwana wa sukulu kapena alangizi a zaulimi a m'dera lanu akuonetseni lole isanabwere, osati iri kale pa shedi injini ikulira. Ndipo mwambo wakale uja wokweza membala mmodzi pa lole kuperekeza katundu musausiye. Mumpatse ndarama ya cakudya ndi yobwerera, ndi kope la kalata ya katundu m'thumba mwace.