Kuchotsa makilogalamu 20 uli pa ntchito ku Fordsburg

Amalawi ambiri ogwira ntchito m'masitolo a ku Oriental Plaza ndi m'makhitchini a mumsewu wa Mint amafika ku Joni ali owonda ngati bango. Pakatha zaka zitatu, lamba wafika pa bowo lomaliza, mawondo ayamba kulira pokwera masitepe, ndipo kumudzi akaona chithunzi pa WhatsApp amanyadira kuti Joni yamuyanja mwana wawo. Kenako nesi amalengeza kuti BP yakwera, kapena shuga.

Kwa wofuna kuonda, zokonzekera n'zochepa: sikelo ya m'nyumba, mwina R200, ndi tepi yobwereka kwa telala. Mwamuna amene chiuno chake chapitirira masentimita 102, kapena mkazi 88, ali kale pangozi. Ayezetse BP ndi shuga kukiliniki kapena ku Clicks ndi Dis-Chem. Amene akumwa kale mankhwala a shuga ayambe wakambirana ndi nesi asanasinthe kadyedwe, chifukwa shuga akhoza kutsika mpaka munthu kukomoka.

Thupi limatsika bwino ndi theka la kilogalamu kapena kilogalamu imodzi pa sabata, ndiye makilogalamu 20 ndi ntchito ya miyezi 5 mpaka 10. Tiyi wamasamba wogulitsidwa m'makona, uja amati amasungunula mimba pa masiku 7, amangotsegula m'mimba, ndipo R150 yapita. Malamba otulutsa thukuta ndi madzi otentha a mandimu nawonso ndi nkhambakamwa chabe.

Pomwe anthu amagwa ndi pa nkhomaliro. Munthu akangoti ayambe kuonda, choyamba amasiya kudya masana. Waima pa kauntala kuyambira 8 koloko, m'mimba muli tiyi ndi magwinya awiri. Ikamakwana 3 koloko mutu wayamba kuwawa, amagula Coca-Cola yoti aphe njala. Usiku amafika m'chipinda cha ku Mayfair chomwe amagonamo anthu anayi, mphika wa nsima ya Iwisa uli pakati, nkhuku ikusambira m'mafuta, mwinanso pali biriyani yotsala kukhitchini kwa abwana. Amadya mitanda isanu asanadziwe n'komwe, kenako n'kugona. Patapita masabata awiri sikelo ili pomwepo, iye n'kumati kwathu timanenepa chibadwire, n'kusiya.

Asadumphe nkhomaliro. Njala yosungidwa tsiku lonse imabwezera usiku, ndipo amuna amphamvu zawo agonja nayo ambirimbiri. Anyamule kontena kuchokera kunyumba: nyemba, kabichi kapena rape, mazira awiri owiritsa, mtanda umodzi wa nsima kapena mpunga wodzaza chikhatho. Zonsezi sizifika R25, pomwe kota kapena tchipisi ndi soseji zimadula kuposa pamenepo. Akakhala pa ntchito yoti abwana sapereka nthawi yopuma, adyere chiimire kuseri kwa sitoko, koma adye.

Usiku apakule mbale yakeyake asanakhale pansi. Apa m'pomwe pamavuta, chifukwa kudyera mbale imodzi ndi anzako ndi mwambo wathu, ndipo wodzipatula amaoneka wonyada. Koma pa mbale ya gulu palibe amawerenga mitanda, dzanja limangopita. Theka la mbale likhale masamba, nsima mitanda iwiri yofanana ndi chibakera chake, nyama kapena nsomba chidutswa chimodzi. Ikatha, asambe m'manja n'kudzuka. Anzake amuseka sabata yoyamba, "Aise, wayamba kudya ngati mzungu?" Aziwasiya aseke.

Mafuta aziyezedwa ndi supuni, osathira kuchokera m'botolo. Supuni yaikulu imodzi ili ndi makalori pafupifupi 120, omwe amafuna kuyenda pafupifupi theka la ola kuti athe.

Kenako zakumwa. Bungwe la WHO limati shuga wothira asapitirire magalamu 50 patsiku kwa munthu wamkulu, omwe ndi timasupuni ta tiyi 12. Makapu atatu a tiyi a timasupuni tinayi, mlingo watha kale, Coca-Cola asanagulidwe. Boma la South Africa linaika msonkho pa zakumwa za shuga mu 2018, komabe botolo la malita awiri silichoka pa tebulo la chakudya chamadzulo. Lichoke. Mu tiyi azichotsa kasupuni kamodzi sabata iliyonse mpaka katsale kamodzi. Achisilamu, omwe ndi ambiri pakati pa ochokera ku Mangochi ndi Machinga, asamale mwezi wa Ramadan, pamene Fordsburg yonse imanunkhira masamusa: ayambe ndi madzi ndi tende, kenako mbale ija, masamusa awiri akwanira.

Kuima tsiku lonse m'sitolo kumatopetsa koma sikulimbitsa thupi. WHO imati mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za kuyenda ndawala, koti munthu azipuma mwamphamvu. Kuchoka ku Fordsburg kudzera ku Mary Fitzgerald Square ku Newtown, kuwoloka mlatho wa Nelson Mandela kufika ku Braamfontein n'kubwerera, ndi ola limodzi kapena kupitirira pang'ono. Aziyenda kukuwala, awiri kapena atatu, foni ili m'thumba lamkati. Jimu ya R300 pamwezi si yofunika, ambiri amalipira mwezi umodzi n'kupitako kawiri. Aziyeza thupi kamodzi pa sabata, m'mawa asanadye.

Akatsika makilogalamu 8 kapena 10, foni yochokera kumudzi ibwera: "Mwana wanga, ukudwala? Usatibisire." Ndi bwino amayi auzidwe zisanafike pamenepo, chifukwa kwathu kuonda msanga kumayambitsa manong'onong'o, ndipo ena abwerera ku mitanda isanu pofuna kungotseka anthu pakamwa. Mathalauza akayamba kugwa asathamangire kugula atsopano. Telala amabweza chiuno ndi R50 kapena R60, ndipo thalauza lomwelo lidzabwereranso kwa telala kawiri chaka chisanathe.