NYENGO YA MAYESO NDI MUTU WOTENTHA WA MWANA WASUKULU

Chimanga chikaloŵa m'nkhokwe, mphepo ya mwera n'kuyamba kuomba pa mapiri a Dowa ndi Ntchisi, pa mabenchi a zipatala zazing'ono pamaoneka odwala a mtundu wina. Ameneŵa ndi anyamata ndi atsikana ovala juzi pamwamba pa yunifolomu, ena atapanira kope m'khwapa. Dandaulo lawo ndi limodzi: mutu ukuŵaŵa ngati waumanga ndi luzi, maso akuchita chidima poŵerenga, mtima ukugunda msanga, tulo sitikubwera. Magazi akayezedwa, kaŵirikaŵiri malungo sapezeka. Iyi ndiyo miyezi ya Meyi, Juni ndi Julaye, pamene bungwe la MANEB, limene lidakhazikitsidwa mu 1987, limalembetsa mayeso a Sitandade 8, a Folomu 2 ndi a Folomu 4.

Vutoli silachilendo, ndiponso si ufiti monga ena amaganizira. Mu 1960 dokotala wa matenda a maganizo, Raymond Prince, adalemba za ophunzira a ku Nigeria amene ankamva kutentha kapena kuyendayenda m'mutu, namalephera kusunga zimene aŵerenga. Chimene chimachitika ndi ichi: munthu akaona choopsa, tiziŵalo tiŵiri tokhala pamwamba pa impso timathira m'magazi mphamvu zotchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umathamanga, minofu ya m'khosi ndi m'mapewa imakungika, njala imatha. Zimenezi zimapulumutsa munthu amene wakumana ndi fisi panjira, pakuti amathaŵa, ndipo akafika kumudzi thupi limabwerera mwakale. Koma mayeso sathaŵika. Mwana amagona nawo, nadzuka nawo kwa miyezi itatu, thupi lili chikungikire.

Katundu amene mwanayu wasenza ngwolemera ndithu. Fizi yake idachokera ku belo la fodya, ku matumba a soya kapena ku mbuzi imene idagulitsidwa pa msika wa Mponela kapena wa Malomo, ndipo iye amadziŵa zimenezi ngakhale wina asamkumbutse. Wa Sitandade 8 amadziŵanso kuti malo ndi ochepa pa sukulu zotchuka monga ya Robert Blake ku Kongwe. Amene adali mu Folomu 4 mu 2020 sadzaiŵala: sukulu zidatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19, mayeso adayamba mochedwa, kenaka mu Novembala adathetsedwa chifukwa mapepala adabedwa, ndipo adalembedwanso mu Januwale 2021.

Mankhwala apabenchi

Tsono taganizirani za mtsikana wa Folomu 4 amene akuchita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu yoyendera, kutali ndi kwawo. Wabwera kuchipatala ndi mutu wa sabata ziŵiri. Pambali pake pakhala gogo wina wodikira kuyezedwa kuthamanga kwa magazi, amene sadamuonepo chibadwire.

"Mwadzuka bwanji agogo?"

"Ndadzuka mdzukulu wanga, kaya iwe? Nanga bukulo wabwera nalo kuti nalonso alibaye jekeseni?"

Mtsikana akuseka, koyamba m'masiku ambiri. Gogo akufunsa kwawo, ndipo zapezeka kuti amadziŵa mudziwo chifukwa adakagulako mbewu ya mtedza kalekale. Akamba za kuzizira kwa chaka chino ndi za kukwera mtengo kwa sopo. Mosayembekezera mtsikana akuti, "Agogo, ndikuopa masamu. Ndikalephera, bambo ndidzaŵayang'ana bwanji?" Gogo sadziŵa masamu ngakhale pang'ono. Akungoti, "Usiku wapitawu wagona? Nanga m'maŵa uno wadya chiyani?" Mzere ukamafika pakhomo la adokotala, mapewa a mtsikana atsika.

Palibe chozizwitsa pamenepa. Mawu amene mtsikanayu walankhula sakadaŵauza bambo wake, pakuti ndiwo adagulitsa mbuzi. Sakadauza mnzake wa m'kalasi, pakuti nayenso ngwodwala nthenda yomweyo, ndipo aŵiri oopa akakumana amangoonjezerana mantha. Koma gogoyu sadalipire fizi, sadzaona zotsatira, ndipo maŵa sadzafalitsa nkhaniyo pachitsime cha kwawo kwa mtsikana. Nchifukwa chake akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Anthu ophunzira adaziyesa zimenezi. Mu 2014 Nicholas Epley ndi Juliana Schroeder adafalitsa zimene adapeza pakati pa anthu okwera sitima ndi mabasi ku Chicago, m'dziko la America. Ambiri ankaganiza kuti ulendo ukoma akakhala chete, koma amene adapemphedwa kucheza ndi munthu wosamdziŵa ndiwo adatsika ali okondwa koposa. Ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, Dokotala Dixon Chibanda adayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench, yophunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika maganizo pa benchi la pachipatala. Zimene a ku Chicago adachita kufufuza, Mcheŵa adazilandira ndi mwambo: sapitirira munthu panjira osampatsa moni. Chomvetsa chisoni nchakuti achinyamata ambiri tsopano amakhala pa benchi kapena m'minibasi ataŵeramira foni, makutu atatseka, nataya mankhwala aulere ameneŵa.

Si mlendo aliyense

Komabe kalumo kakuthwa kamachekanso. Nyengo ya mayeso imatulutsa anthu odyera pa mantha a ana. Alipo ogulitsa likasa, amene amalonjeza mafunso a mayeso pa foni. Wogwidwa nazo amachotsedwa m'mayeso ndipo angathe kuimbidwa mlandu. Alipo ogulitsa mankhwala oti ngopatsa nzeru. Alipo zidyamakanda, amene amayamba ndi kugulira mtsikana wapalendi sopo ndi ndiwo, mapeto ake mimba kapena kachirombo ka HIV. Kusiyanitsa sikovuta. Kucheza kwabwino kumachitika poyera ndi masana, pachigayo, pamjigo, pamsika, pachipatala, ndipo kumathera pomwepo. Munthu wopempha nambala ya foni, wopereka mphatso, kapena woti "tikakambirane kunyumba", ameneyo ngwofunika kumpeŵa.

Zoyenera kuchita pakhomo

Wachinyamata amafunika kugona maola 8 kufikira 10, chifukwa ubongo umalongedza zimene waphunzira pamene munthu ali m'tulo. Chizoloŵezi choviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti aŵerenge mpaka tambala woyamba chimangoononga mphamvu ndi batire la tochi. Tiyi wambiri usiku ndi zakumwa zotchedwa zopatsa mphamvu zimaonjezera kugunda kwa mtima, ndipo chamba ndi moŵa zimasokoneza mutu kotheratu. Phala lothira nsinjiro kapena mbatata yophika m'maŵa zimaposa zonsezi. Makolo ena amamletsa mwana ntchito iliyonse namtsekera m'nyumba ndi mabuku; ena amamtuma kusankha fodya mpaka usiku. Onseŵa alakwa. Mwana achepetseredwe ntchito, koma atumidwebe kuchigayo kapena kumjigo, kumene adzatambasula miyendo ndi kupatsana moni ndi anthu.

Mutu wa nyengo ya mayeso usangoyesedwa wa maganizo usanapimidwe. Malungo, kuchepa kwa magazi ndi vuto la maso zimayamba chimodzimodzi, choncho mwana afike kuchipatala, osati kungomgulira mapiritsi pagolosale. Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira tsiku la maŵa: mwana akaleka kudya kwa masiku, akamadzipatula ndi kulira yekha, akayamba kulankhula zosamveka, kapena akanena kuti kuli bwino kufa kusiyana ndi kulephera. Mawu otere asatengedwe ngati nthabwala, makamaka pa masiku otuluka zotsatira. Mwanayo asasiyidwe yekha, ndipo mankhwala a fodya, a makoswe ndi othira m'chimanga atsekeredwe pamalo pamene sangafikepo. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi angathe kumperekeza ku chipatala chaching'ono, kumene adzamtumiza ku chipatala cha boma cha Dowa kapena cha Ntchisi ngati kuli kofunika. Mwana amene akuchita manyazi kulankhula maso ndi maso angathe kuimba foni mwaulere pa nambala yothandiza ana ya 116.