MBUZI YANGA KAPENA MBUZI ZANGA?

Tsopano mumatha kulemba kalata nokha. Koma kodi wolandira kalatayo amamva zomwe inu munafuna kunena?

Tiyerekeze kuti muli ku Lilongwe, mukudwazika mwana kuchipatala, ndipo ndalama zakutherani. Mukulembera mlongo wanu kumudzi kuti, "Gulitsani mbuzi zanga." Chonsecho inu mumanena imodzi yokha, yaimuna ija. Pobwerera mupeza m'khola muli mbee! Mlongo wanu sanalakwe ai. Anachita zomwe zinalembedwa.

Taonani. Mawu oti mbuzi sasintha, kaya ndi imodzi kaya ndi khumi. Chomwe chimatiuza kuchuluka kwake ndi mawu otsatira: mbuzi yanga yadwala, mbuzi zanga zadwala. Nkhuku, ng'ombe ndi nyumba zimateronso. Koma mwana akachuluka timati ana, mudzi timati midzi, chingwe timati zingwe. Umenewu ndiwo mgwirizano wa mawu. Inu mwakhala mukuutsata chibadwire popanda wokuphunzitsani. Palibe wamkulu anganene kuti "chimanga wanga". Poyankhula, mnzanu akapanda kumva amafunsa kuti, "Mwati zingati?" Pepala ndiye silifunsa. N'chifukwa chake aphunzitsi amalimbikira malamulo a chiyankhulo, ngakhale ena amati n'zotayitsa nthawi.

Pa nkhani ya ndalama mpamene muyenera kuchenjera kwambiri. "Ndakongola K5,000" ndi "ndakongoza K5,000" zikusiyana pa lemba limodzi lokha, koma woyambayo ali ndi ngongole, wachiwiriyo akudikira kubwezeredwa. Musasaine pepala musanaone kuti alemba liti. Chimodzimodzi "ndatumiza" ndi "ndidzatumiza": wina akhoza kuyenda ulendo wautali kukalandira ndalama zomwe sizinachoke n'komwe m'thumba mwanu.

Kalembedwe nakonso kali ndi malamulo ake. Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo mu 1973 linatulutsa malamulo oti tonse tizilemba mofanana. Mbale ndi yodyeramo, m'bale ndi wobadwa naye. Mukaiwala h, phala lisanduka pala, khola lisanduka kola.

Yesani izi m'kope mwanu, mawa mukaonetse aphunzitsi:

1. Nkhuku ...anga zitatu zafa ndi chitopa.
2. Nyumba ...athu ikudontha.
3. Lemberani m'bale wanu kalata yaifupi, yomuuza kuti agulitse mbuzi imodzi yokha, ndi tsiku lomwe ndalamazo zikufunika.