KUSAKHULUPIRIRA NDI KUGANIZIRA: PHUNZIRO LA MAU AWIRI

Pali mau awiri amene anthu awasokoneza masiku onse monga ngati ali amodzi, ndiwo kusakhulupirira munthu ndi kumganizira. Onse awiri abadwira mumtima wosakhazikika, koma zipatso zao zisiyana kutari. Mkristu ayenera kudziwa malire ao, pakuti m'makomboni a Lusaka mwazi wa anthu osacimwa unakhetsedwa popeza anansi ao anadumpha malirewo.

1. Tanthauzo lace

Pakhale citsanzo. Ku Kabanana, komboni ya kumpoto kwa Lusaka, mai wina ali ndi kantemba kace kogulitsiramo ufa, mcere ndi sopo. Mnansi wace wakongola ufa kawiri osalipira. Pakudza iye kacitatu, maiyo akana, nati, "Pepani atate, yambani mwabweza zija." Uku ndiko kusakhulupirira. Sanamuyese mbala, wangobweza dzanja lace cifukwa ca cinthu cimene onse awiri acidziwa.

Tsono usiku wina kantemba kaja kathyoledwa. M'mawa mwace, pampopi pamene akazi atunga madzi, maiyo anong'oneza anzace kuti wacita ici ndi mnansi yemweyo. Palibe amene anamuona, ndipo palibe katundu wopezeka m'nyumba mwace. Uku ndiko kuganizira. Poyamba paja maiyo anasunga cuma cace ca iye yekha, koma tsopano wasenzetsa mnzace mlandu, namlanda mbiri yace yabwino.

2. Kanenedwe kace

Kusiyana kumeneku kumveka ngakhale m'kanenedwe. Munthu akhoza kusakhulupirira cinthu copanda moyo: ulalo wofumbwa, bwato long'aluka, kapena sikelo ya pamsika. Koma palibe aganizira ulalo, pakuti ulalo sucimwa. Mau akuti kuganizira afuna munthu, ndipo afunanso colakwa cocula dzina: "amganizira kuti anaba," "amganizira kuti analodza mwana." Cifukwa cace iye amene apolisi amgwira, mlandu wace usanazengedwe, achedwa woganiziridwa.

Pakati pa mau awiriwo pali ena acitatu, ndiwo kukaika. Wokaika ali pamphambano, sanasankhe njira. Akafunsa bwino, kukaika kwace kutha. Akangokhala cete namvera za m'maluwa, kukaikako kusanduka kuganizira.

Cozizwitsa ndi ici, kuti mau omwewo ali ndi tanthauzo linanso lokoma. Wosauka akapempha kuti, "Mundiganizireko," apempha cifundo. Cotero mtima umodzi womwewo ukhoza kuganizira mnansi pomfunira zabwino, kapena kumganizira pomfunira mlandu.

3. Umboni wa m'Malembo

Malembo saletsa kusakhulupirira konse. Paulo anakana kutenga Marko pa ulendo waciwiri, popeza anawasiya panjira ku Pamfuliya (Macitidwe 15). Sanamnenere coipa cobisika. Anangokumbuka cinthu cooneka. Ndipo zitapita zaka, Marko atadzionetsa wokhulupirika, Paulo yemweyo anamuitanitsa monga wothandiza pa nchito (2 Timoteo 4).

Koma kuganizira kuoneka ndi nkhope yina. Eli anaona milomo ya Hana ilikugwedezeka m'nyumba ya Mulungu, namuyesa woledzera, pamene mkaziyo analikupemphera ndi mtima wosweka (1 Samueli 1). Mwai wace wa Eli unali wakuti analankhula naye maso ndi maso, namva coonadi, namdalitsa. Mfumu Sauli sanatero. Anaganizira Davide kuti afuna kumlanda ufumu, nasunga ganizolo mumtima kufikira linabala mkondo (1 Samueli 18).

Nkhani ya pa Yoswa 22 iphunzitsa koposa. Ana a Rubeni, a Gadi ndi pfuko la hafu la Manase anamanga guwa pafupi ndi Yordano. Abale ao anawaganizira kuti apandukira Mulungu, nasonkhana ku Silo kukonzekera nkhondo. Koma anayamba atuma Pinehasi ndi akalonga khumi kukafunsa. Ndipo anapeza kuti guwalo linali la cikumbutso cabe, losati la nsembe. Funso limodzi linaletsa nkhondo ya pa cibale.

4. Zimene zinaoneka ku Lusaka

M'miyezi ya March ndi April caka ca 2016, mitembo ya anthu angapo inapezeka ku George ndi m'makomboni oyandikana ndi Matero, ziwalo zina zitacotsedwa. Mantha a anthu anali ndi cifukwa cace. Kukhoma zitseko dzuwa litalowa, ndi kukana kutsagana ndi munthu wosadziwika usiku, kunali nzeru.

Koma inabuka mphekesera yakuti akupha anthu ndi eni masitolo ocokera ku Rwanda, amene ambiri a iwo anathawa kwao cifukwa ca kuphana kwa caka ca 1994. Pa 18 April makamu anayamba kuthyola masitolo ao, ndipo m'masiku awiri anafunkha masitolo oposa 60. Ku Kanyama anthu awiri anatenthedwa amoyo, ndipo apolisi ananena kuti onse awiri anali a m'Zambia momwemo. Alendo ambiri anathawira ku chalichi ca St Ignatius, kumene President Edgar Lungu anakawaona. M'mwezi wa May apolisi anagwira anthu anai pa mlandu wa kupha kuja; mwa iwo munali asilikari awiri ndi sing'anga mmodzi, osati eni masitolo aja.

Zotere zinabwerezanso m'caka ca 2020, pamene mbiri ya anthu opopera mankhwala m'nyumba za anzao usiku inayambira ku Chingola nifalikira dziko lonse. Makamu anapha anthu oposa 40 powaganizira cabe. Ena a iwo anali apaulendo amene colakwa cao cinali cakuti nkhope zao sizinadziwike pamalopo.

Asayese a kumidzi kuti ili ndi bvuto la m'tauni mokha. Mwana akamwalira mwadzidzidzi, maso a mudzi afulumira kuloza nkhalamba yokhala yokha. Lamulo la caka ca 1914, limene likalipobe m'Zambia, liletsa kuchula munthu mfiti. Koma lamulo silingathe kulowa mumtima. Akulu anati, caona mnzako capita, mawa ciona iwe. Ndipo yense amene atuma mwana wace ku Lusaka akumbuke kuti kumeneko mwanayo ndiye mlendo.

5. Mankhwala ace

Popeza nthenda ziri ziwiri, mankhwala ace alinso awiri.

Kusakhulupirira kucira ndi nchito zooneka ndi nthawi. Wangongole abweze, ndipo adzamkongozanso. Mpingo uthandize pocita zonse poyera: zopereka ziwerengedwe ndi akulu awiri kapena atatu pamodzi, ndipo ndalama za cilimba zilembedwe m'buku pamaso pa onse. Msungicuma asakhumudwe nazo. Paulo yemwe sananyamule yekha zopereka za ku Yerusalemu, koma anafuna abale osankhidwa ndi mipingo apite nazo, kuti pasakhale pomnenera (2 Akorinto 8). Buku lolembedwa bwino licinjiriza wosunga ndalama koposa onse.

Kuganizira sikucira ndi nthawi; kukula nayo, monga cithupsa cosaboola. Mankhwala ace ndiwo funso ndi mboni. Woganizira adzifunse coyamba, "Kodi ndaona ciani ndi maso anga, ndipo ndangomva ciani?" Pakakhala cizindikiro ceniceni, apite kwa mwini wace pa yekha, monga mwa dongosolo la pa Mateyu 18, pakakanika atenge mboni, kapena apite kwa akulu a mpingo ndi kwa mfumu. Ukakhala mlandu wa mwazi kapena wa kuba, malo ace ndi kupolisi ndi kubwalo la milandu. Pampopi ndi pamowa si pabwalo ai. Pakasowa cizindikiro, aleke ganizolo lifere m'mimba mwace.

Munthu ali nao ufulu wa kutseka khomo la nyumba yace. Alibe ufulu wa kuthyola khomo la mnzace cifukwa ca ganizo.

Mafunso a pa msonkhano wa pakati pa sabata

1. Kodi Paulo anacimwa pokana Marko? Nanga Sauli anasiyana naye bwanji?
2. Ana a Israyeli akadapanda kutuma Pinehasi, cikadaoneka nciani?
3. Mbiri yoipa ya mlendo ikafika pamudzi, Mkristu ayambe wacita ciani asanaiuze wina?